Mafupa a Nkhunda pa Lichero

Agogo anga aamuna, a Ngozo, ankamveka fungo la gaga ndi nthenga. Fungo limenelo limandibwerera pamodzi ndi kulira kwa nkhunda m'mawa, utsi wa zitsononkho ukutuluka m'khitchini mwa amayi, agogowo ataima pansi pa khola lawo lalitali ndi mbale yobenthuka, akuwaza gaga n'kumakalipira mbalame zadyera ngati ana awo.

Kwawo kunali kuchigwa, ku Kasinje, koma anakwatira kwathu cha ku Champiti n'kukhala mkamwini. Agogo aakazi atamwalira, amayi anawapempha kuti asachoke. Anatsala, ngakhale aliyense ankadziwa kuti malo amene panali nyumba yawo anali m'manja mwa a Chimbalanga, mlongo wa malemuwo.

Ine ndinali mwana wamanyazi. Zapamtima panga ndinkazilemba m'kope madzulo, ndipo munthu yekhayo amene ndinkamuuza pakamwa anali agogo. Ndili Fomu 2 ndinabwera kusukulu ndi nkhani imene inkandiyabwa.

"Agogo, akuti makolo a nkhunda zanuzi anali zinyama za mano, zoyenda ndi miyendo iwiri. Amazitcha madainoso."

"Anaziona ndani, mkazi wanga?" anafunsa motero, poti ndi mmene ankandiitanira mwanthabwala.

"Anafukula mafupa ake m'miyala. Zina zinali ndi kafupa kamphanda kaja kamakhala pachifuwa pa nkhuku."

"Kaja timaponyera agalu kaja?"

Ndinawafotokozera monga ndinamvera m'kalasi. Poyamba manja a zinyamazo ankalendewera kunsi kwa thupi, ntchito yake kugwira chakudya basi. Mibadwo yosawerengeka ikudutsa, polumikizira phewa panatembenukira cham'mbali ndi cham'mwamba, fupa lochirikiza phewalo linatalika ngati mzati, mpaka dzanja lanthenga lija linayamba kukwezeka kupitirira msana.

Agogo anakweza mkono wawo pang'onopang'ono, akugwira phewa lawo ndi dzanja linalo. "Ndiye kuti Mulungu sapupuluma pa ntchito yake," anatero. "Tipha imodzi Lamlungu, tione tokha."

Tinapha. Anaitumbula mosamala ndi kampeni kawo kosemera mipini, ine nditagwira phiko. Mnofu wokweza phikolo tinaupeza pansi, pachifuwa, ndipo mtsempha wake unkakwera n'kudutsa pakabowo ka pakati pa mafupa a phewa. Agogo atakoka mnofuwo, phiko linadzuka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Chingwe cha pachitsime ichi. Ukakokera pansi, ndowa ikwera."

Kuyambira pamenepo mbalame iliyonse yodyedwa pakhomo, kaya nkhuku, bakha kapena nkhanga, mafupa ake a phewa ndi a mapiko ankabwera kwa ife. Tinkawatsuka ndi phulusa kuti tiwayerekeze. Pansi sitikanawayanika chifukwa cha agalu, choncho agogo anatenga lichero lakale la malemu akazi awo, nayalapo mafupawo bwinobwino, kamphanda pakati, phiko lina uku lina uko, n'kuliika padenga la khitchini.

Sitinaganize n'komwe. Kwathu mwana aliyense amakula akumva kuti lichero ndiyo ndege ya afiti.

Tsiku lina akazi a a Chimbalanga anabwera kudzabwereka lichero loti apetere nyemba. Analitsitsa okha padengapo, nayang'anamo, n'kulisiya pansi n'kubwerera kwawo. Sabata imeneyo kamdzukulu kawo kanali kakudwala malungo. Pofika masana, pabwalo pathu panali patadzaza anthu amene anasiya mbatata m'minda, ndipo agogo anali atawakhazika pansi pafumbi, popanda ngakhale mphasa.

"Alamu," anatero a Chimbalanga, akuloza licherolo ndi ndodo, "ndege yanuyi mwaimangira mapiko. Mumatera nayo kuti?"

"Ndi mafupa a ndiwo amenewo, alamu. Ina mwa nkhukuzo munadya nawo."

Ena anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa.

Ine ndinagwada pakati pa anthuwo. Ndinali ndisanayankhulepo pagulu chibadwire. Ndinati nkhaniyo ndinabwera nayo ndine kuchokera kusukulu, ndipo buku lokhala ndi zithunzi za mafupawo lilipo, nditha kukalibwereka. Ndinayamba ngakhale kufotokoza za phewa.

"Mwamva?" anatero akazi a a Chimbalanga. "Amuphunzitsa kale mwanayu. Kale lonseli ankayankhula ameneyu?"

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimenechi: mawu anga oyamba pagulu anawasandutsa umboni wotsutsa munthu amene ndinkamuteteza. Palibe anapempha kuona bukulo. Anthu amene agogo anawapatsa nkhunda zoyambira makola awo, amene anawasemera mipini ya makasu kwaulere, anangoweramitsa mitu. Amayi analira, nakumbutsa amalume awowo kuti agogo ndiwo anafolera nyumba yawo chaka chomwecho. A Chimbalanga anayankha kuti mkamwini mkazi wake akafa, njira ya kwawo imakhala yotsegula.

Kamdzukulu kodwala kaja anapita nako kuchipatala tsiku lotsatira, kanalandira mankhwala, kanachira. Anthu anati kachira chifukwa lichero latenthedwa.

Agogo ananyamuka Loweruka, nkhunda zawo zili m'madengu awiri ophimba ndi chitenje, atamangirira panjinga ya mnyamata wa kutchalitchi. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Sanadandaule. Anangondifunsa ngati mileme nayo ili ndi kamphanda kaja. Ndinati sindikudziwa.

"Ukafunse aphunzitsi. Ukabwera ku Kasinje udzandiuze."

Ndinakawauza pa tchuthi chotsatira kuti ilibe, ndipo anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira uthenga wofunika. Ndinawapeza ataonda, akukhala m'kanyumba ka kuseri kwa mdzukulu wa mlongo wawo, pakati pa minda ya mpunga imene anaisiya ali mnyamata. Khola anali atamanga, koma munali zii. Nkhunda zambiri zinali zitauluka kubwerera kwathu kumapiri, kumene zinazolowera. Kumeneko anthu amene ankaopa mafupa aja sanaope nyama yake. A Chimbalanga anazula khola lakale la agogo n'kukalizika kuseri kwa nyumba yawo.

Agogo anamwalira ndisanamalize sekondale, ndipo a kwathu anapita kumaliro atadzaza galimoto, nalira mokweza kuposa eni maliro.

Tsopano ndine mayi wa ana anga. Ndikapita kumudzi ndimakawaona a Chimbalanga, amene akalamba kwambiri, ndipo ndimawagwadira monga anandilerera amayi. Khola lija lakula, mbalame zake ndi zidzukulu za nkhunda za agogo. Nthawi zonse amatuma mwana kuti andigwirire ziwiri zonenepa, poti ndine mlendo. Ndimathokoza ndi manja awiri, n'kupempha kuti andiphikire masamba a nyemba.