Chimbudzi Chopanda Fungo

Chaka chimene kampani yathu inagulitsidwa, ife n'kuuzidwa kuti tikapume kunyumba, ndinayamba kudzuka kawiri, mwina katatu, m'mawa umodzi. Sindikunena zodzuka n'kugonanso ngati mlesi ayi. Ndinkadzuka bwinobwino, kuvala patapata, kutsegula chitseko, kutuluka panja, kenako n'kuzindikira kuti thupi langa likadali m'bulangeti, ndipo wavala patapatayu ndi munthu wa m'maloto.

Tinkakhala ku Kanyama, m'chipinda chimodzi, pa yadi ya mabanja asanu ndi awiri. Tinali awiri basi, ine ndi mkazi wanga. Mwana tinalibe. Mawu amenewa muwasunge, muwafuna kutsogoloku.

Ndikangozindikira kuti ndikulota, zoopsa zinkayamba. Khoma linkatuluka thukuta. Mkazi wanga ankatembenuka, nkhope ili see ngati dzira, yopanda maso, yopanda pakamwa. Ndinkadziwa ndithu kuti ndi maloto, koma kudziwako sikunkanditulutsa. Ndikalimbana mpaka kudzidzimuka, ndinkaona malata athu, mtima n'kuyamba kukhala pansi. Kenako ndinkaona mphemvu zikutsika pakhoma pamzere, iliyonse itavala nsapato zanga zakuntchito, n'kudziwa kuti ndangochoka m'loto lina kulowa m'linzake. Tsiku lina ndinadzuka kasanu ndi kamodzi. Pofika kudzuka kwenikweni ndinali nditatopa moti ndinagonanso.

Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandinyansa ndi nkhani ya chimbudzi.

Chimbudzi cha pa yadi yathu chinali chimodzi, cha tonse, ndipo chitseko chake chinali thumba la ufa lokhomedwa ndi misomali iwiri. Pansi pa Kanyama pali mwala, madzi salowa. Mvula ikagwa, za m'dzenje zinkakwera kudzatichingamira. Mphutsi zinkayenda pakhoma zonenepa ngati zala za khanda. Ntchentche ina inandigunda pachifuwa ndikulowa, ine n'kubwerera m'mbuyo, ndipo chipsera ndikadali nacho. Fungo lake linathothola mabatani awiri a malaya anga. Amene akuti ndikuwonjezera akafunse telala amene anawasokerera.

M'mawa wina ndinadzuka mkodzo utandigwira. Ndinavala patapata, kudutsa pabwalo, kulowa. Ndinapeza m'chimbudzi muli mbee, pansi pouma, popanda ntchentche ndi imodzi yomwe. Ndinaima mwaufulu ngati bwana, n'kumasula zonse. Ndinadabwa pang'ono kuti bwanji ndikumva kufunda m'chiuno. Kenako ndinadzuka.

Matiresi amene ndinanyowetsawo ndi chinthu chokhacho chimene tinagula kampani itatitaya. Mkazi wanga anakhala tsonga, kugwira chitenje chake, kuchinunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Imwe. Malata sadontha apa."

"Kapena ni thukuta," ndinatero.

"Thukuta yonunkha so? Mwamuna mukulu na ndevu zake!"

Tinawaumitsira m'nyumba, chitseko chotseka, mbaula ili pafupi. Amene sanakhalepo m'chipinda chimodzi ndi matiresi a mkodzo wa munthu wamkulu akufuka nthunzi asandiuze za mavuto. Fungolo linalowa mu shuga. Linalowa m'Baibulo. Patapita masiku asanu zinachitikanso, chimodzimodzi, chimbudzi choyera chomwe chija.

Ulendo uno sanakalipe. Anangolankhula motsitsa, akukupiza makala.

"Kachitatu niyanika panja, pa waya, muzuba. Nalema kupuma vinthu ivi. Ndipo mukumbukile, tilibe mwana wonamizila."

Pa yadi ngati yathu, matiresi oyanikidwa panja ndi nyuzipepala. Akazi a landilodi ankakhala pakhonde tsiku lonse akusenda nyemba, ndipo chimene aona m'mawa chinkafika kumsika dzuwa lisanafike pamutu. Ntchito inali itandithera kale. Chimene chinanditsalira n'chakuti anthu ankandipatsabe moni ngati munthu wamkulu.

Ndinayesa zambiri. Ndinasiya tiyi wamadzulo, koma thupi linkapeza madzi kwina, sindikudziwa kuti. Ndinayesa kudzitsina ndisanakodze, koma kutsina kwa m'maloto kunkawawa chimodzimodzi. Ndinamanga chala chakuphazi ku mwendo wa bedi ndi chingwe, kuti ndikadzuka zenizeni chindikoke. M'maloto chingwecho chinangotalika, n'kundiperekeza mwaulemu mpaka kuchimbudzi. Tsiku limenelo ndinapulumuka chifukwa tambala wa aneba analira pawindo.

Chinandipulumutsa ndi mphuno. Ndinazindikira kuti maloto anga ankatha kupanga chilichonse, malata, matope, ngakhale chifuwa cha landilodi, koma fungo ankalephera. Choncho ndinadziikira lamulo. Ndikafika pathumba paja ndinkaima, kutseka pakamwa, n'kukoka mpweya wonse ndi mphuno mpaka m'mapapo. Misozi ikatuluka, malovu owawa n'kudzaza m'kamwa, ndiye kuti ndili maso, ndingathe kukodza. Ndikapanda kumva kanthu, ndinkadzigwetsa pansi n'kukuwa mpaka nditadzidzimuka pabedi. Zinkatheka ndithu. Taganizani munthu amene ena onse akulowa atatseka mphuno ndi malaya, iye ali chiimire pakhomo kukoka fungolo ngati fodya. Ndinkadzinyansa, koma matiresi anakhala ouma mwezi wathunthu.

Kenako kunabwera kolera, ndipo anatenga msuweni wanga wa ku Matero. Ndinakhala kumaliro masiku atatu, amuna tikugona panja. Kunena zoona ine sindinagone, kuopa kuchita zanga zija pakati pa apongozi a anthu. Ndinabwerako ndi chimfine chotseka mphuno zonse ziwiri, n'kufikira pabedi ngati mtembo.

Zimene sindinadziwe n'zakuti landilodi wathu, poopa anthu azaumoyo amene ankayendera mayadi, anali ataitana amuna okapa dzenje, kupaka laimu khoma lonse, ndi kuika chitseko chenicheni chamatabwa. Mkazi wanga anaiwala kundiuza. Mpaka lero amati anaiwala.

M'mawa ndinadzuka mkodzo uli m'khosi. Patapata, chitseko, pabwalo. Mvula inali itagwa, anthu ali pamzere ndi zitini zawo zamadzi. Nditayang'ana kutsogolo ndinaona chimbudzi chili mbee, ndi chitseko, ndi loko. Ndinakoka mpweya. Palibe. Ndinakokanso mpaka makutu kulira. Palibe. Landilodi anadutsa n'kundimwetulira, munthu amene chibadwire sanamwetulirepo. Apo ndinatsimikiza kuti ndili m'tulo, ndipo kachitatu kaja kafika.

Ndinadziponya m'matope chafufumimba. Matope a Kanyama nthawi ya mvula, inu mukudziwa zimene zimakhalamo. Ndinagubuduka, kumenya pansi ndi zibakera, ndikukuwa.

"Uka! Uka, galu iwe! Uzaononga matilesi!"

Sindinadzuke. Ndinamenyetsa mutu pa ndowa ya munthu. Sindinadzukebe. M'kamwa munalowa chinthu chofewa chimene sindikufuna kuchidziwa dzina ngakhale lero, ndipo chinali ndi kukoma kwake. Maloto anga sankadziwanso kukoma. Ndinatsegula maso n'kuona mapazi a anthu khumi ndi awiri atandizungulira, ndipo nthawi yomweyo thupi langa linagonja, n'kumasula zonse m'buluku.

Akazi a landilodi anawerama, nyemba zili m'manja.

"Ba neba, matilesi yachita chani?"

Mkazi wanga anatulukira pakati pa anthu, chitenje chili m'khwapa. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Ni maleliya, yakwela ku mutu. Dzulo usiku benze kukamba na wailesi yozima. Gwilani mwendo uyo, ba mayi, osangoimilila."

Anandinyamula anthu anayi, onse atatembenuzira nkhope kumbali. Matope anali atandinyowetsa thupi lonse, moti panalibe wotha kusiyanitsa madzi a kumwamba ndi anga. Atatuluka onse, mkazi wanga anatseka chitseko, kupita pabedi, n'kusisita matiresi ndi chikhatho kuyambira kumutu mpaka kumiyendo.

"Yauma," anatero. "Iyi sitiwelenga. Koma buluku muchape mweka."

Matiresi aja sanatulukepo panja mpaka tinasamuka. Pa yadi ndinatchuka ngati bambo amene mutu unawasokonekera ntchito itatha, ndipo azimayi ankandipatsa moni mokweza, pang'onopang'ono, ngati ndine gonthi. Ndinavomera. Wamisala amamupatsa mpando, wokodza pogona amamuloza ndi chala.

Chitseko chamatabwa chinabedwa sabata yachiwiri, thumba n'kubwerera pamisomali yake. Mvula inagwanso, dzenje linakwera, mphutsi zinabwerera ndi ana awo. Chimfine chitatha ndinapita m'mawa, kuima pakhomo paja, n'kukoka mpweya. Ndinasanza pomwepo, pa patapata zanga. Ndikulumbira, chaka chonsecho sindinakodzepo ndi mtima wokhazikika ngati tsiku limenelo.