Dzina Lomwe Anatsala Nalo Mai Garikai

Ku Sakubva aliyense amawadziwa Mai Garikai, ogulitsa tomato pafupi ndi pokwerera mabasi, aja ukapempha basera amakuyang'ana ngati wawatukwana. Koma Garikaiyo, mwana wawo amene anawapatsa dzinalo, palibe anamuonapo pakhomo pawo. Ukwati utatha, akuchimuna anati ng'ombe tinapereka, mwana ndi wathu. Anamutenga akuyamwabe chala. Mayi anachoka ndi mtolo wa zovala ndi dzina basi, ndipo dzinalo analikakamira mpaka imvi.

Ndiye chaka chatha tinangomva kuti alembetsa kukathandiza ku chikondwerero cha mabuku m'tauni muno mwa Mutare. Iwowa! Munthu woti nyuzipepala amaidziwa pokulungira tomato.

"Asisi, mukawerenga chiyani kumeneko, mitengo ya anyezi?" anawaseka Mai Shupi a pa benchi yoyandikana.

"Ndikukathira tiyi ine. Tiyi safuna sukulu."

Chilipo n'choti anali ataona chithunzi pa chikwangwani: Garikai Chinyanga, mlembi wokhala ku Ulaya. Chipumi cha bambo ake, makutu a kwawo kwa mayi. Ankangofuna chimodzi, mwanayo adziwe kuti womubala alipo.

Anawaveka sikipa yachikasu yothina m'khwapa. Anathirira tiyi alembi a ndevu, ena okana shuga ngati odwala, wina wolakatula ndakatulo sikono ili m'kamwa. Garikai naye anamupatsa kapu yake. Garikaiyo anati zikomo maso ali pa foni.

Tsiku lomaliza othandiza anapatsidwa buku aliyense, ndipo Mai Garikai anaima pa mzere wosainitsa kwa Garikai atalifumbata ngati nkhuku yopita nayo kwa apongozi. Mawu anali atawakonza kuyambira m'mawa.

"Ndilembe dzina loti chiyani, amayi?" anafunsa Garikai.

"Mai Garikai."

Mlembiyo anadzutsa mutu n'kuseka. "Aa! Ndiye muli ndi sazita wanga, mnzanga wa dzina! Ndi wovuta ngati ine?"

"Ayi, ndi wofatsa."

"Mwayi wanu. Ine mayi anga ndabwera nawo, ali apo, akuuzeni mmene ndinawasautsira."

Analoza mayi wa duku lonyezimira pa mpando wakutsogolo, mkazi amene bambo ake anakwatira pambuyo pake, atakhala mwa matama, akumwa tiyi yemwe Mai Garikai anathira okha. Mwana anamuyang'ana mayiyo ndi maso a chikondi chenicheni, osati a pa chithunzi.

Mai Garikai anawayang'ana awiriwo. Kumbuyo kwawo anthu anayamba kutsokomola, kuti mzere uyende.

"Mukamupatse moni sazita," anatero Garikai, akuwabwezera buku. "Mumuuze azikusamalani."

"Ndikamuuza," anayankha.

Anawomba m'manja pang'onopang'ono, monga timachitira polandira kanthu kwa mlendo, n'kupatuka kuti wotsatira afike. Kukhitchini makapu anali atadzaza beseni. Anatsuka onse, ngakhale inali nthawi ya wina.