Mwaye pa Nsalu ya Chipani

Amene anandipereka ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga wamkulu. Anandikana pamaso pa tcheyamani wa chipani, nkhani yake sikuluwu imodzi ya pa injini.

Sukulu ndinalekera Sitandade 6 nditabwezera mphunzitsi mbama. Za injini ndinaphunzira kugalaja ya esiteti ya tiyi, kumenenso sindinakhalitse pa chifukwa chomwecho. Ndiye alamu atagula kalole kakale ka dizilo, ananditenga kuti ndizikayendetsa ndi kukakonza. Kanali ndi tebo, chitsulo chooneka ngati nkhono chimene chimakankhira mpweya mu injini. Ntchito yake alamu sankaidziwa, ankangokonda likhweru lake.

Chinkawadya mtima ndi lole ya bambo wina wa ku Limbuli, imene inkatipitirira pachitunda tsiku lililonse la msika, dalaivala wake akutibayibitsa.

Ndinawauza alamu kuti njira zoonjezera liwiro zilipo ziwiri. Kutengera pampu ya dizilo ku Blantyre akaitchune pamakina, kapena kudula kawaya kamene opanga anamangira sikuluwu ya mafuta, n'kuipotoza tokha.

"Yachangu ndi iti?"

"Yachiwiri. Koma ifuka utsi, alamu."

"Utsi ndi umboni woti moto ulipo. Potoza."

Ndinapotoza theka. Anati ndionjezere. Ndinalimbitsa sipuling'i ya tebo, ndipo anandidulitsanso ekizozi, paipi ya utsi, pakati kuti likhweru lizimveka patali, paipi n'kuthera pansi pa bodi, pokhala anthu ndi katundu. Kalole kanasanduka chilombo. Wa ku Limbuli uja tinamusiya akutsokomola m'mbuyo. Pamsika wa Thuchila alamu ankatsegula boneti n'kumauza aliyense kuti, "Dzanja langa ili. Mnyamatayu amangondigwirira sipanala."

Masiku amenewo galimoto sinali yako chipani chikaifuna. Kunabwera uthenga woti tikatenge amayi ovina ku Likhubula, tipite nawo kumsonkhano kuboma. Alamu anavala jekete, baji pachifuwa, n'kukhala kutsogolo pambali pa tcheyamani. Amayi anadzaza kumbuyo, onse atavala nsalu zatsopano za nkhope ya mkulu wa dziko.

Pachitunda choyamba ndinkaponda mwaulemu. Alamu anandigunda ndi chigongono. "Aonetse a tcheyamani." Ndinawaonetsa. Nyimbo kumbuyo inayamba kudukaduka, kenako inatha. Ine ndinkayesa akusinkha ina.

Titaima kuboma, amayi anatsika ngati achokera kootcha makala. Zimenezo zikanatha ndi sopo. Koma mwaye unali utadetsa nkhope za pansalu, ndipo nkhope imeneyo anthu ankapita nayo kosabwerera pa zifukwa zochepa kuposa apa. Achinyamata a chipani anatizungulira.

"Wachita izi ndani?" anafunsa tcheyamani.

Alamu anavula chipewa. "Ine za injini sindidziwa, bwana. Ngakhale pothirira madzi. Ndi mnyamatayu, ndipo khalidwe lake mukalifunse kusukulu."

Nkhonya yanga inali itakungika kale, koma tsiku limenelo inapeza nzeru zimene sinazipeze m'kalasi. Anandipulumutsa ndi mtsogoleri wa amayiwo, mnzawo wa malemu mayi anga kumunda wa tiyi. Anati, "Mukam'tenga, atichapira ndani?"

Mawa lake ndinali pamtsinje wa Likhubula ndi mulu wa nsalu, wachinyamata mmodzi atandiimirira. Nsalu timachapa poimenyetsa pamwala. Tayesani kumenyetsa nkhope imeneyo pamwala munthu wa chipani akuyang'ana. Kupotokola pofinya ayinso. Ndinasisita iliyonse ndi zala, pang'onopang'ono, ngati ndikusambitsa khanda, onyamula katundu wa alendo okwera phiri akudutsa n'kumafunsa ngati ndikufuna banja.

Ndikuyanika yomaliza, alamu anatulukira ndi kalole kawo, atayendetsa okha, utsi ukuwatsata. Tcheyamani anali atalamula kuti kasaonekenso pamsewu kakufuka. Anandiitanira pambali, mawu ali pansipansi.

"Mlamu, zadzulo zinapita. Taibwezere sikuluwu ija mmene inalili."

Ndinapukuta manja, ndinatsegula boneti, n'kuwaika sipanala m'manja. Ndinalankhula mokweza kuti wachinyamata uja amve.

"Ku Thuchila munati ndi dzanja lanu, alamu. Kuboma munati simudziwa pothirira madzi. Sankhani mmodzi mwa anthu awiriwo abweze sikuluwuyo. Ine ndapeza ntchito yochapa."