Mkamwini Wathu Anali Mwana Wathu Yemwe

Loweruka lapitali ndinavala jekete langa la kutchalitchi, lija londithina m'mapewa, chifukwa kwathu ku Kabudula kunkabwera alendo odzafunsira mbeta. Mbetayo ndi Tadala, mwana wa mlongo wanga. Ine monga malume ake ntchito yanga inali kukhala pampando wakutsogolo n'kumaoneka wanzeru.

Mnyamatayo dzina lake Yamikani, amakonza njinga zamoto pa Msundwe. Waulemu bwino, moni wake wochita kugwada. Anabwera ndi malume ake, a Gwaza a ku Nambuma, bambo wocheza kwabasi.

Thobwa litazungulira, a Gwaza anaponya maso cha kudambo.

"Inutu musatione ngati achilendo," anatero akuseka. "Amayi athu anabadwira konkuno. Anakangana ndi akulu awo nkhani ya dimba, basi anapita chitengwa ku Nambuma osapondanso kuno mpaka imfa."

"Dzina lawo ndani?" ndinafunsa, chikho chili m'manja.

"A Malita."

Chikho chija ndinachiika pansi. A Malita! Dzina limene malemu amayi anga sankafuna kulimva pakhomo pawo. Mng'ono wawo weniweni.

Ine ndi a Gwaza tinadzuka n'kukumbatirana, azibambo a imvi ife, misozi chuchuchu. Azimayi anayamba nthungululu koma inafera m'malere, chifukwa maso onse anatembenukira kwa ana awiri aja.

Yamikani anayesako mwayi. "Ndiye kuti ndi msuweni wanga, eti? Pajatu asuweni amakwatirana."

"Iwe, khala pansi," anatero a Gwaza. "Msuweni ndi mwana wa azakhali kapena wa malume. Agogo ako ndi agogo a mtsikanayu anayamwa bere limodzi. Amayi ako ndi amayi ake ndi pachibale. Ameneyu ndi mlongo wako."

Ukwati unathera pomwepo, nkhuku yathu itaphedwa kale.

Tsono ndikufunseni inu makolo anzanga: kodi mbiri timaiyesa chiyani? Tadalayu kusukulu phunziro la mbiri ankalikhoza moti aphunzitsi ankamutchula pamaso pa anzake. Mumufunse kumene Amaravi anachokera, akulongosolerani mpaka mitsinje imene anawoloka. Nkhondo za azungu amazidziwa ngati anali komweko akutunga madzi. Koma kuti agogo ake anali ndi mng'ono wawo amene anakwatiwa kuseri kwakuno, ulendo wa kabaza, ayi, zimenezo sanazimvepo.

Akanazimva kuti? Mwana akangofunsa kuti, "Agogo anabadwa angati?" timamuyankha kuti, "Mwana iwe mafunso! Kasewere uko." Akakula pang'ono timati za akuluakulu sazifunsa. Akakula kwenikweni timamudabwa kuti sadziwa abale ake.

Malo okhawo amene timafotokoza mbiri ya banja mwandondomeko ndi pamaliro. Pamenepo ndiye timaimirira, kutsokomola kaye, n'kuyamba: anabadwira kwakuti, m'banja la ana angati, anakwatiwa kwakuti. Zokoma kumva ndithu. Koma anawo ali kuti? Tawatumiza kwa aneba kuti asaone bokosi. Phunziro lonse limagwera nkhalamba zomwe zikudziwa kale, zina zikuodzera pamphasa.

Ndipo tikati tiwauzeko, timasankha zonona zokhazokha. Agogo a aliyense anali mlimi wotchuka wa fodya, mkulu wa mpingo, munthu wosadziwa kukangana. Nanga mikangano ya madimba onse timalimbiranawa anaiyambitsa ndani? Za mikangano timakwirira ngati mphaka, kuiwala kuti amene anachoka atakwiya nayenso anakabereka kumeneko, ndipo ana ake amakwera minibasi zomwe amakwera athu.

Sindikunena kuti mutsegule sukulu pakhonde. Mukamasenda mtedza ndi ana, pakamwa pamakhala popanda ntchito. Auzeni kuti dimba ili linadanitsa anthu awiri, ndipo muwatchule maina onse awiri, ngakhale la uja munamulumbirira kuti simudzamutchulanso.

Alendo atapita ndinamupeza Tadala kuseri kwa nkhokwe, maso ali psuu. Ndinayamba kumunyengerera kuti anyamata ndi ambiri, koma anandidula.

"Malume, munthu uja ndamukonda ndi mtima wanga wonse. Mukanandiuza ndili mwana, bwenzi nditamukonda ngati achimwene, ndipo lero bwenzi ndikuvina nawo."

Mpaka lero mtima ukundiwawa.

Inu kwanuko, dzina limene simulitchula pakhomo panu, mwana wanu adzalimva koyamba kwa ndani?