Tsiku Limene Ndinapha Amalume Kuti Ndikasaine Ntchito ku Ntchisi

Ndinanyamuka pa Dowa boma Lachisanu cha m'ma sikisi m'mawa, nditanyamula laputopu, pasipoti ndi bodza limodzi lonenepa. Zinthu zinali zitandiunjikira. Lipoti la makalabu a alimi a ku Nachisaka limafunika kuofesi kwathu pofika faifi koloko madzulo. Bungwe lina ku Ntchisi linali litanditenga pa ntchito ya malipiro okwererapo, koma linati ndikasaine tsiku lomwelo, apo ayi apatsa wina. Mlongo wanga wa ku Joni nayenso anali atandipezera malo m'sitolo, akuti ndikwere basi Lachiwiri. Zonsezo ndimazifuna. Chimene ndimaopa chinali chimodzi: kutaya ntchito ya pa Dowa ndisanagwire ina m'manja.

Tsono tchuthi ungachipemphe bwanji tsiku la lipoti? Ndinawalembera uthenga abwana anga, a Nabanda: "Madamu, amalume atisiya kumudzi ku Ntchisi. Lipoti nditumiza ndili kumaliro." Anayankha kuti, "Pepani kwambiri a Phiri, limbani mtima." Ndinadziona kuchenjera.

Sienta yopita ku Dzaleka inandidya K2,000. Kutsogolo tinakhala anayi, adalaivala thupi theka lili panja, giya akuifunafuna pakati pa maondo anga. Pa Dzaleka ndinagula machapati awiri ndi tiyi wamkaka, n'kulemba ndime imodzi ya lipoti. Potulutsa ndalama pasipoti inagwa. Mayi wogulitsa tiyi, wochokera ku Congo, anaitola n'kuiyang'ana uku ndi uku.

"Muli nayo iyi, koma mukadali kuno?" anandifunsa. "Ena tikuisowa, inu mukungoigwetsa m'fumbi."

Cha m'ma eyiti ndinakwera njinga yamoto kudzera njira yafumbi. Wakabaza wake anali bambo wachikulire wovala majekete awiri. Anayamba ndi K15,000, tinathera pa K12,000. Msewu umenewo ndi wokwera ndi kutsika basi, uku zigafa za fodya, uku minda ya soya yokololedwa kale. Nditamuuza za Joni anaseka mpaka njinga inagwedezeka.

"Ndinapitako ine, bwana. Zaka zinayi. Ndinabwerako ndi njinga inoyi ndi chifuwa."

Tinafika pa Ntchisi boma leveni koloko, ine nditafiira fumbi mpaka nsidze. Kuofesi ya bungwe lija, mlembi anati amanejala apita kukayendera alimi, ndibwerenso thuu koloko. Chabwino. Ndinakhala pa chiwaya cha tchipisi n'kutsegula laputopu. Ndisanamalize mbale, foni inalira. A Nabanda.

"A Phiri, tadutsa pa Mponela. Tilipo asanu ndi awiri, tatenga galimoto ya ofesi, ufa ndi shuga. Za njira musavutike, adalaivala akukudziwa kwanu."

Mayo ine! Kuofesi kwathu munthu salira maliro yekha, anzake amamutsatira kulikonse. Choseketsa n'chakuti mlembi wa komiti ya zamaliro ndine, ndipo lamulo limenelo ndinalilemba ndi dzanja langali.

Wamajekete uja ndinamupeza akadali pa siteji. Theka la ola tinali kumudzi. Amalume ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya, wailesi ili pambali, ali gwa ngati chitsa. Ndinagwada n'kufotokoza zonse.

"Ndafa ndi chiyani?"

"Sindinatchule, amalume."

"Wachita bwino. Ndiye ukufuna nditani?"

"Mukangobisalako kwa aneba ola limodzi. Ndiwauza kuti thupi likadali kuchipatala."

"Iwe! Anthu achoke ku Dowa konse chifukwa cha ine, ine n'kukabisala? Ayi ndithu, ndikufuna ndiwaone." Analowa m'nyumba n'kutuluka atavala jekete ya kutchalitchi.

Wani koloko galimoto inatulukira, nyimbo ya maliro ili pakamwa. Amayi a kuofesi anatsika atamanga maduku, mmodzi n'kuyamba kulira akadali pa mtengo wa mango, mokweza bwino kuti mudzi umve. Amalume anawachingamira, kuwagwira chanza mmodzimmodzi. A Nabanda anayang'ana pabwalo: palibe moto, palibe masamba pamsewu, nkhuku zikungodziyendera.

"Pepani bambo, kodi thupi lili kuti?"

"Ndi lino, mayi. Lili bwinobwino, kupatula bondo."

Wolira uja anasiyira pakati. Ine ndimafuna nthaka ing'ambike. Ndiye amalume, poganiza kuti akundithandiza, anamalizitsa: "Musamukwiyire mwanayu, zamuchulukira. Uku akamusainitse ntchito paboma pano, uku mlongo wake akuti Lachiwiri akwere ya ku Joni. Kapena sanakuuzeni?"

A Nabanda sanakalipe, ndipo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Anakhala pa mpando wandalema n'kunena kuti, "A Phiri, tulutsani laputopu. Alimi a ku Nachisaka salandira mbewu popanda lipoti limenelo."

Ndinalemba pakhonde, abwana ali pambali panga. Anzanga anaphika tiyi ndi shuga wa maliro uja, malemu akumwa nawo makapu awiri n'kumafunsa ngati ufawo ubwerere. Thuu koloko inakwana. Foni inalira kawiri, nambala ya bungwe lija. A Nabanda anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Sindinaiyankhe. Itatsala pang'ono faifi ndinakwera pachulu kusaka netiweki, lipoti linapita. Pomwepo panalowa uthenga wa bungwe lija: ntchito ija apatsa wina.

"Lolemba hafu seveni muofesi mwanga," anatero a Nabanda. "Mubwere ndi kalata. Yopepesa kapena yotsanzika, koma imodzi."

Amalume anandiperekeza kugalimoto akutsimphina. Anandigwira mkono, kuseka konse kuja kutatha.

"Zaka zitatu usanapondeko pano, mphwanga. Kuti ufike ndachita kufa. Nanga ukakhala ku Joni, tsiku lenilenilo odzabwera ndi anzakowa okha?"

Manyazi a masana aja anali ochepa poyerekeza ndi awa.

Pobwerera tinadzera ku Mponela, msewu wa phula. Malo akutsogolo anandimana, ndinakhala kumbuyo ndi matayala, mphepo ikundimenya. Tinafika pa Dowa kutada kale. Ndinatuluka m'nyumba m'mawa ndikuthamangira ntchito zitatu, ndinabwerako nditagwira imodzi, nayonso ikulendewera. Ndinaphunzira kuti sindimalephera kupeza nthawi ayi, ndimalephera kusankha. Lolemba ndinapereka kalata yopepesa, mlongo wanga ndinamuuza kuti basi ya Lachiwiri ipite yokha. Loweruka lotsatira ndinakweranso njinga ya wamajekete uja, ndi mankhwala opaka bondo m'thumba.