Khadi la Musandifunse

Ndinanyamuka Lachitatu m'mawa mame asanakamuke, chingwe cha khonje m'manja, galu wanga kumapeto kwa chingwecho, ndi K700 ya mtedza pa mfundo ya chitenje. Amuna anga, a Gelevazio, anali pakhonde akutsuka m'kamwa. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana galu, n'kulavula madzi.

"Ndiye zoona mukupita ku boma chifukwa cha galu?"

"Ayi, ndikukaimira mpando wa phungu. Uyu ndi wondichitira kampeni."

Inali nyengo yoyandikira chisankho chachitatu cha matipate, pamene aliyense wokhala ndi jekete ankaimira kanthu. Koma ine nkhani yanga sinali ya mavoti. Galu wachiwewe anali ataluma anthu m'mudzi woyandikana ndi wathu, kuseri kwa Ludzi. Alangizi a ziweto anabwera ku dibi kudzabaya agalu katemera waulere, ine ndili ku maliro a atsibweni kwa Dambe. Ndinasiya mawu kwa amuna anga kuti apite naye galuyo. Iwo anati mawa, mawa lake anatinso mawa, mpaka alangizi analongedza n'kumapita. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo ulendo uno galu wake anali wanga. Uthenga unamveka kutchalitchi kuti Lachisanu kubwera anthu a mfuti, ndipo galu aliyense wopanda khadi la katemera aomberedwa.

Dzina la galu wanga ndi Musandifunse. Kwathu kuno galu satchedwa dzina mwachisawawa. Zimene sungathe kumuuza mnzako pamaso, umazipachika pa galu, n'kumaziitana pabwalo m'mawa ndi madzulo. Galu wa kuseri kwathu ndi Azalema, wa kutsidya ndi Mwandikwana. Ine ndinali nditakhala pa chitengwa zaka zisanu ndi zinayi popanda mwana. Ku mjigo, ku chigayo, ku mphakati, funso linali lomwelo, ndipo mwini wake weniweni wa funsolo anali apongozi anga. "Nanga ife tidzanyamula liti mdzukulu?" Akangoyamba, ine ndinkatembenukira kutchire n'kukuwa mwaulemu wonse, "Musandifunse! Musandifunse, bwera kuno!" Palibe akanandiimba mlandu. Ndinkaitana galu.

Mtunda wokafika pa Ludzi tinayenda wapansi, chifukwa wa kabaza amene ndinamuimitsa anati njinga yake ndi yodalitsidwa, siinyamula galu. Cha m'ma 8 koloko tinapeza pikapu ya matola itadzaza matumba a mbatatesi. Dalaivala anati K40 ine, K40 galu. Ndinamufunsa ngati galuyo apatsidwe mpando wakutsogolo, poti walipira ngati munthu. Sanaseke. Tinakwera pamwamba pa matumba, ndipo fumbi la msewuwo linatipaka tonse mtundu umodzi, moti pofika pa tala zinali zovuta kudziwa kuti mwini ndani, chiweto ndani.

Pa tala m'pamene panali nkhondo. Minibasi ziwiri zinaima, zitaona galu zinanyamuka ngati zaona apolisi. Yachitatu inali ndi malo, ndipo kondakitala wake anali ndi njala ya ndalama yoposa mantha.

"Mayi, inu K50. Bwanayu K100."

"Wachita kubadwira ku Mangalande kuti andipose mtengo?"

"Inu simuluma, mayi."

"Simunandidziwe, achimwene."

Tinagwirizana K70 ya galuyo. Galu analowa pansi pa mpando, pakati pa miyendo yanga ndi chigubu cha mafuta. Pambali panga panakhala mayi wina wa geni wa ku Chipata, wonenepa bwino, atakumbatira katoni ya shuga ngati khanda. Anakweza mapazi n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Imwe amai, manje galu ayenda kuti?"

"Ku chipatala."

"Ah! Ise bantu tikangiwa kupeza ya Panado, imwe mupeleka galu?"

Minibasi yonse inatenga nkhaniyo ngati yawo. Bambo wina kumbuyo anati ndi zimene yabweretsa demokalase, agalu nawo ali ndi ufulu wachibadwidwe. Wina anati posachedwa tiwaona pa mzere wa mavoti. Kondakitala, pofuna kuwonjezera moto, anawerama n'kundifunsa dzina la bwanayo.

"Musandifunse."

"Aa, mayi, ndangofunsa bwinobwino."

"Inenso ndayankha bwinobwino. Musandifunse."

Mnyamatayo anatupa, n'kuyamba kufotokozera anthu kuti azimayi a masiku ano alibe mwambo. Ndinamusiya atupe mpaka pa boma. Potsika ndinaitana galu ndi dzina lake, iye n'kutuluka akugwedeza mchira. Mayi wa ku Chipata uja anaseka mpaka katoni inamupulumuka.

Tinafika pa boma cha m'ma 11 koloko. Anyamata osintha ndalama ankathamangira aliyense wotsika, mipukutu ya makwacha a ku Zambia ili m'manja, koma ine anandipatsa njira yotakasuka ngati ya mkwatibwi. Ndinaphunzira kuti mkazi woyenda ndi galu savutitsidwa pa depoti. Pa chiwaya ndinagula tchipisi cha K30, ndipo wogulitsayo anandigulitsanso fupa la K10 limene ndikukhulupirira kuti anali atalitola kale pansi. Tinadyera pansi pa mtengo, tikuonerera malole aataliatali akukwawira ku bodala.

Anthu anandilozera kwa dokotala wina wa ziweto amene anapuma pa ntchito ya boma n'kutsegula kasitolo kake kuseri kwa msika. Munkanunkha mankhwala a dibi. Patsogolo panga panali bambo wa golosale atanyamula mphaka m'katoni, akudandaula kuti mphakayo wasiya kugwira makoswe. Atamva mtengo wa mankhwala anati bola agule msampha, poti msampha sudwala. Analipirabe, uku akung'ung'udza, ndipo potuluka ndinamumva akulankhula ndi katoniyo motsitsa mawu.

Adokotalawo anali bambo wachikulire wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anamutsegula Musandifunse kukamwa, kumusuzumira m'makutu, kumupapasa m'mimba, zinthu zimene ine sindinachitiridwepo ndi dokotala aliyense. Kenako anandiwerengera mitengo yolembedwa pa khoma. Kumuona kokha K100. Katemera wa chiwewe K200, chaka ndi chaka. Khadi K50. Mankhwala a njoka za m'mimba K80, miyezi itatu iliyonse. Osambitsa ophera nkhupakupa ndi utitiri K120 kabotolo.

"Adokotala, ine mankhwala a njoka ndinamwa komaliza ndili Sitandade 4."

"Inu simudya mitembo ya achule, mayi."

Ndinamasula mfundo ya chitenje. Inali itaonda ngati ng'ombe ya mu Okotobala. Ndinati katemera, khadi ndi za njoka zichitike, koma nkhupakupa ndipitiriza kuzithothola ndi zala monga ankachitira makolo athu. Adokotala anagwedeza mutu, n'kuyang'ana mawere a galu amene anali akadali olendewera.

"Wabereka kangati?"

"Kawiri. Koyamba asanu ndi mmodzi, kachiwiri asanu ndi awiri."

Chiwerengerocho ndinkachidziwa bwino chifukwa apongozi anga ankachilengeza kwa alendo. Ankati pakhomo pa mwana wawo pali chonde, kungoti chinalowera kolakwika.

"Akutha thupi ameneyu," anatero adokotala. "Mukapeza K1,500 mudzabwere naye. Timachita kaopaleshoni kakang'ono, timamutseka. Sadzaberekanso mpaka kalekale."

Ndinaseka. Ndinaseka mokweza moti galu anadzidzimuka. Zaka zisanu ndi zinayi ndinali nditamwa mizu yowawa ya asing'anga atatu, nditagona pa benchi ya chipatala, nditayatsa makandulo osawerengeka, kufunafuna wonditsegula. Lero ndapeza katswiri, koma wotseka.

"Adokotala, kani kusabereka kumagulidwa? Ine ndinakupeza kwaulere."

Mawuwo anatuluka okha, ndipo atatuluka ndinachita manyazi. Bamboyo anangotenga thumba la feteleza lotsukidwa, kumulowetsamo galu, n'kulikoleka pa sikelo yolendewera kudenga. Musandifunse anazungulira m'mwamba, mutu wokha uli kunja, maso ali pa ine. Sikelo ngati imeneyo ndinkaidziwa. Ndinaimapo pambali pake kangapo ku Ludzi, nditanyamulira alamu anga thewera ndi ambulera pamene iwo ankakweza ana awo.

Jakisoni sanatenge nthawi. Galu analira kamodzi, ine ndinamva kuwawa kawiri. Kenako adokotala anakhala pansi, kutulutsa khadi lachikasu, n'kutsegula cholembera.

"Dzina la mwini?"

"Rozina Banda."

"Dzina la galu?"

Ndinakonzeka kukangana nawo monga ndinachitira ndi kondakitala.

"Musandifunse."

Anakweza maso pamwamba pa magalasi. Anayang'ana nkhope yanga, n'kuyang'ana kumsana kwanga, pamene mkazi wa msinkhu wanga amaberekapo mwana. Kenako anawerama n'kulemba dzinalo chilembo chimodzichimodzi. Sanandifunsedi. Analemba kulemera kwake, tsiku la katemera, ndi tsiku lodzabweranso. Anapinda khadilo, kuliika m'kajumbo koyera, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Lisanyowe, mayi. Muzibwera nalo nthawi zonse."

Ndi mawu omwewo amene anamwino amauza azimayi ku sikelo. Ndinathokoza msangamsanga n'kutuluka.

Ndinatsala ndi K30, yosakwana ngakhale mchira wa galu mu minibasi. Cha m'ma 2 koloko ndinapeza lole yopita kukatenga mabelo a fodya cha kwathu. Dalaivala anatenga K30 yonseyo, n'kunena kuti galu akwere ulere chifukwa iye sachita tsankho. Anali munthu woyamba tsiku limenelo kundiona ine wodula kuposa galu, ndipo ndinamudalitsa. Kumbuyo kwa loleyo tinadumphadumpha ngati chimanga chokazinga mpaka pa mphambano ya kumudzi kwathu.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka. Apongozi anga anali pabwalo akusenda mtedza. Iwo sankadziwa chimene ndinapitira ku boma, poti mwana wawo anachita manyazi kuwauza. Anaona kajumbo m'manja mwanga, khadi lachikasu likuonekera mkati. Lichero linatsetsereka pamiyendo pawo, mtedza n'kumwazika. Anaimirira, mayi amene amadandaula mawondo tsiku lililonse, n'kubwera chothamanga. Analanda khadilo n'kuligwira pamtima. Kuwerenga sadziwa, koma khadi la m'kajumbo lochokera ku boma amalidziwa tanthauzo lake.

"Mwana wanga," anatero. "Mwana wanga, kodi ndi zoona? Miyezi ingati?"

Chikwatiwire anali asananditchulepo mwana wawo. Yankho langa la masiku onse linali pomwepo, litakhala pansi pafupi ndi phazi langa, lilime lili panja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiliitane. Dzinalo linakana kutuluka. Ndinaona misozi m'maso mwawo, ndipo ndinazindikira kuti zaka zonsezi mayiyu sankangondinyoza ayi, nayenso ankadikira.

"Ndi la galu, amayi. La katemera."

Ndinayembekezera mawu aja a chonde cholowera kolakwika, koma sanabwere. Anapukuta fumbi pa kajumboko ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kundibwezera.

"Kasungeni m'sutikesi, NaBanda. Denga lanu lija limadontha."

Anabwerera kukatola mtedza wawo, ndipo ine ndinagwada n'kuyamba kutola nawo.

Lachisanu anthu a mfuti anabweradi. Anawerenga khadilo, kuseka dzinalo, n'kupitirira. Azalema wa kuseri kwathu analibe khadi, ndipo tinamva kulira kwa mfuti tili m'nyumba.

Ulendo umenewu unandidyera ndowa ya mtedza, n'kundiphunzitsa kuti galu wa munthu wosauka amadula kuposa mwini wake. Koma chimene sindinachiwerengere ponyamuka ndi ichi: kuyambira tsiku lija apongozi anga sanandifunsenso. Musandifunse anakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo khadi lake linadzaza mpaka kuseri. Ndikamuitana madzulo, palibe amene ankatembenuka kapena kutsonya. Wobwera anali galu yekha.