Akhansala Amene Anayamika Mdani Wathu

Ndinakhalapo mlembi wa nthambi ya chipani kwathu kwa Kalembo. Sanandisankhe chifukwa chodziwa ndale, iyayi. Ine ndine telala, ndipo nsalu za chipani zikabwera ndinkasokera amayi anzanga madiresi ovinira. Ataona kuti ndimalemba zowerengeka, anangondipatsa kope ndi cholembera.

Akhansala athu anali bambo wachikulire, Msilamu, wogulitsa zipangizo za njinga pa Liwonde. Sankapsatira mawu. Makuponi a feteleza akachedwa ankadzudzula boma, ngakhale linali la chipani chathu chomwe. Akuluakulu ankawapirira chifukwa anthu ankawakonda.

Kenako kunagwa maliro a phungu wakale wa dera lathu, wa chipani china. Dzina la munthu ameneyu likatchulidwa pachigayo kapena m'minibasi, anthu ankagawikana nthawi yomweyo. Ena ankati ndi tate wa amphawi. Ena ankalavula malovu. Ine ndinali mwa olavulawo. Nthawi ya kampeni ina, anyamata ake anagwira achimwene anga akupalasa kabaza atavala malaya a chipani chathu, n'kuwamenya pafupi ndi njanji. Dzanja lamanja silinawongokenso bwino, khutu limodzi linagontha. Kabaza anasiya, n'kumangodalira timaganyu topepuka.

Ku malirowo sindinapite. Ndinamvera pa foni ya mayi wina amene anabwera kudzayesa bulauzi. Wina anali atajambula akhansala akulankhula pamaso pa bokosi.

"Munthu uyu ine ndinkamusirira," anatero akhansala. "Chaka cha kolera galimoto yake inasanduka ambulansi. Sankafunsa kuti ndiwe wa chipani chanji. Amayi anga omwe anawanyamula yekha ndi manja ake. Atsogoleri a lero titengerepo phunziro."

Ndinasiya kuponda makina. Mtima unandiwawa ngati andimenya ineyo. Munthu amene ndinkamuvinira, amene ndinayenda khomo ndi khomo kumupemphera mavoti, lero akuyamika amene anapundula m'bale wanga!

Sabata isanathe uthenga unabwera woti akhansala akaonekere ku komiti yosungitsa mwambo ku Balaka. Mlembi wa chipani wa boma lonse la Balaka anali kudwala, ndiye anandiuza kuti ndikalembe ndine. Ndinapita mosangalala. Ndinkafuna ndikawaone akuchita manyazi.

Tinakhala m'kachipinda kotentha, akuluakulu asanu kutsogolo, akhansala pampando wawokha, kofiya yawo ili pabondo. Atcheyamani a chipani m'bomalo anayamba ndi kuwamveretsa mawu aja pa foni.

"Awa ndi mawu anu?"

"Ndi anga."

"Chipani chili ndi mwambo, akhansala. Simungadye kuno n'kumakayamika mphika wa kwina. Adani athu akuimba mawu anuwa pamisonkhano yawo. Tikufuna mupite pa wailesi mukanene kuti lilime linaterereka."

"Silinaterereke, bwana. Munthuyo ananyamuladi amayi anga. Ndikanene kuti sanawanyamule?"

Anakokanakokana choncho kwa nthawi. Mlembi saloledwa kulankhula, koma ine zinandikanika. Ndinaika cholembera pansi n'kuimirira.

"Akhansala, amayi anu anawanyamula, chabwino. Nanga achimwene anga amene anyamata ake anawathyola dzanja, anawanyamula ndani? Tinawakweza pangolo ife. Mpaka lero satha kugwira khasu."

Akhansala anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Amayi, wa kabaza uja anali mlongo wanu?"

"Eya."

"Ndinamva kuti kunamenyedwa munthu. Sindinafunse kuti ndani, kapena kuti ali bwanji. Pamenepo ndinalakwa."

Atcheyamani anawomba patebulo. "Mwamvatu! Anthu athu anakhetsa magazi chifukwa cha chipani chino."

"Zoona," anayankha akhansala. "Inuyo bwana, munapitako kukamuona wa kabazayo?"

Atcheyamani anayamba kusanjasanja mapepala awo. Ine ndinkadziwa yankho lake. Nkhani ya achimwene inkatchulidwa pamsonkhano uliwonse wa kampeni, anthu n'kumakuwa, koma panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anapondapo pakhomo pawo. Ndinakhala pansi, ndipo manyazi amene ndinabwera kudzaonerera anagwira ine ndemwe, chifukwa nanenso ndinkaimba nawo nkhaniyo.

Komiti inawaimitsa akhansala m'chipani miyezi itatu. Ndinalemba ndine chigamulocho.

Patapita masiku awiri ndinamva njinga yamoto ikuima panja pa khonde limene ndimasokera. Anali akhansala. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kupempha kuti ndiwaperekeze kwa achimwene. Ndinafuna kukana, koma munthu wamkulu akakuvulira kofiya sumubweza.

Tinawapeza achimwene akusenda chinangwa pansi pa mtengo wa mango. Poyamba sanafune kulankhula. Akhansala anakhala pa chitsa, mbali ya khutu lakumva, n'kuyamba kucheza nawo m'Chiyao, chimene achimwene anachizolowera pa kabaza. Pang'onopang'ono anamasuka. Anafotokoza zonse: mmene anawagwetsera, mmene anapindira njinga, ndiponso kuti galimoto ya phunguyo inali itaima chapafupi, mwini wake ali momwemo. Zimenezi ngakhale ine mlongo wawo ndinali ndisanazimvepo.

"Ndiye mukunenabe kuti anali munthu wabwino?" anafunsa achimwene pomaliza.

"Kwa amayi anga anali wabwino. Kwa inu anali woipa. Ine ndinanena mbali imodzi yokha, pamaso pa anthu ambiri. Mbali inayo ndikainenanso pamaso pa anthu ambiri, mukandilola."

Achimwene anangogwedeza mutu movomera. Sindikukhulupirira kuti ankayembekezera kuti zichitikadi.

Mwezi wotsatira kunali msonkhano wa chitukuko pasukulu ya pulayimale. Otsatira malemu aja anabwera ambiri, akufuna kuti buloko yatsopano ya makalasi itchedwe dzina lake. Ataona akhansala akuimirira anawombera m'manja, poganiza kuti tsopano ndi munthu wawo. Akhansala anabwerezadi za kolera ndi galimoto ija. Kenako anati pali munthu m'mudzi muno amene anapundulidwa ndi anyamata a malemu, mwini wake akuonerera, ndipo palibe anapepesapo. Anati amene akufuna kukumbukira malemu akumbukire zonse.

Kunabuka phokoso. Wina anaponya chitsononkho. Mwana wa malemu anatuluka mokwiya. A chipani chathu nawo sanasangalale, chifukwa akhansala anawonjezera kuti ife tinadyera mavoti pa dzanja la munthuyo osamugulira ndi mankhwala omwe. Achimwene anali ataima kumbuyo, pafupi ndi mjigo. Ndinawaona akupukuta m'maso ndi dzanja lawo labwino lija.

Pa zisankho za chipulula zotsatira, akhansala anagwa. Akuluakulu anaika munthu wina wofatsa, wodziwa kuwomba m'manja pa nthawi yake. Ine ndinawavotera akhansala akalewo, poima kumbuyo kwawo pamzere anthu onse akuona. Posakhalitsa akuluakulu aja anandiuza kuti ndibweze kope. Ndinabweza, ndipo sindinadandaule kwenikweni.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti akhansala akalewo sanatitaye atachoka pampando. Anawatenga achimwene kukawaonetsa kwa dokotala wa makutu. Khutulo linakanika, koma anawaitana kuti azikakhala nawo pa benchi yawo ya zipangizo za njinga ku Liwonde. Dzanja lopindika lija limatha kugwira sipanala, ndipo munthu amene anapalasa kabaza zaka zambiri amadziwa matenda onse a njinga. Lero a kabaza amachita kuwadikirira pamzere.

Ndimadutsako ndikapita kukagula ulusi ndi mazipi. Ndimawapeza awiriwo akukangana za ndale, wina akukuwa chifukwa samva bwino, wina akukuwa chifukwa ndi chibadwa chake. Za malemu aja sagwirizanabe. Achimwene amati sadzamukhululukira, ndipo akhansala sawakakamiza.

Tsiku lina ndinayesa kuwathokoza akhansala bwinobwino. Ndinali nditakonza mawu m'minibasi monse. Nditangoyamba anandidula.

"Amayi, mukadapanda kuimirira tsiku lija, ine ndikadafa ndili mbuli. Tathokozanani nokhanokha pachibale. Koma poti mwabwera, tandionereni kolala ya mkanjo uwu, yayamba kusosoka."

Ndinautenga mkanjowo n'kukausoka madzulo ake omwewo.